Tsiku limene apongozi anandigwira makutu

Zaka 18 ndili pa banja ndi mayi a Yami, ndipo zaka zonsezi apongozi anga aakazi sindinawagwirepo dzanja. Moni timapatsana chapatali, ine nditanjuta, iwo akuyang'ana kumbali ngati akulankhula ndi mtengo wa mapeyala. Ndi mmene tinaleredwera kwathu ku Kasungu. Ndiye mukamva kuti Loweruka lina mu June mayi amenewa anandigwira makutu onse awiri n'kuwapaka mafuta ophikira, anthu a ku Masasa, kuno ku Mzuzu, akuonerera, dziwani kuti zinali zitafika pa mwana wakana phala.

Ndiyambire kwa Yamikani, poti gwero lake ndi iyeyo. Mnyamatayu ali ndi zaka 16, ali Fomu 3, ndipo m'kalasi amakhoza ndithu. Vuto ndi loti mantha anawaiwala m'mimba mwa mayi ake. Amene mumakudziwa ku Masasa mukudziwa mmene nyumba zinasanjikizirana, denga la mnzako lili pa khonde pako. Kamsewu kotsika kwathu, mvula ikangowaza, dothi lofiira lija limaterera ngati therere. Anyamata a Sacramento, a kabaza aja amene njinga ndiye munda wawo, akafika pamenepo amatsika n'kumakankha. Yamikani amatsetsereka atakwera, tayala lakutsogolo lili m'mwamba, mabuleki ake ndi chidendene cha nsapato ya sukulu. Chaka chimodzi ndinagula nsapato katatu, zonse kutha yakumanja yokha.

Ndinakalipa, ndinamumana ndalama ya pa buleki, ndinamutengera kwa abusa. Mlamu wanga, mng'ono wa mayi a Yami, ndi namwino ku Lilongwe, ndipo anandiuza kuti ndisathe mawu pachabe. Akuti mbali ya ubongo ya pachipumi apa, imene imamuuza munthu kuti "taima kaye", imakhwima mochedwa, cha m'ma 25, ndipo mnyamata amene ali ndi nzeru zake akakhala yekha amasanduka wina anzake akangomuyang'ana. Ine ndinati, "Alamu, zaka 9 zotsalazo ndi nsapato zingati?" Ndinatenga njinga ija n'kuimangirira ndi tcheni ku mtengo wa mapeyala, kiyi m'thumba mwanga. Madzulo aliwonse pa nsima ndinkalalikira ulaliki umodzimodzi: munthu wanzeru asanalowe pena pake amayamba waona potulukira. Mng'ono wake Tadala, wa zaka 13, anafika pomandimalizira chiganizocho ndisanameze mbamu.

Nthawi yomweyi mayi a Yami anali oyembekezera. Ine zaka 44, iwo 39, tonse tinkadziwa kuti fakitale inatsekedwa kalekale, makiyi tinataya. Mulungu anali ndi kiyi wapadera. Manyazi atatha, ndinayamba kunyada. Yamikani anabadwa tikukhala m'kachipinda kamodzi ku Chibavi, anakulira pa mphasa pakati pa ife awiri. Ndinalumbira kuti chitsiriza ameneyu adzafikira m'chipinda chakechake: kabedi ka timitengo, kabati ya zovala, mpando woyamwitsira, zonse zimene ndinkaziona pa Facebook.

Ulendo umodzi wa m'tauni unandichiritsa. Chiigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja umamuyang'ana ndi maso okha, manja uli kumbuyo. Kabedi kamene ndinakakonda m'sitolo ina mtengo wake unali wa thole. Ndinatsikira ku msika wa Taifa n'kugula beseni, ndowa ndi neti. Kabati inagwa m'ndandanda, mpando unatsatira. Koma pa bedi ndinakakamira, ndipo ndinaganiza zokakhometsa kwa kalipentala.

Apongozi anali atafika kale kudzadikirira chikuta. Nkhaniyi sinawasangalatse. Atakhala pa mkeka, nkhope ili ku mpanda, anati kwa mwana wawo, "Uwafunse bambo a Yamikani, mlendo amene sanafike amamuyalira bwanji? Ndipo kuzizira kwa kuno, khanda ligone lokha m'khola ngati mwana wa mbuzi?" Ine ndinayankha kudzera njira yomweyo kuti amayi asadandaule, dziko linasintha.

Mlamu uja ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp, wautali ngati ulaliki wa pa maliro. Matiresi akhale olimba ndipo akwane thithithi, pasatsale mpata m'mbali. Pilo ayi, zidole ayi. Mwana azigona chagada. Penti wa fungo asamupake. Ndipo chachikulu, mipata ya pakati pa timitengo isapose masentimita 6, chifukwa thupi la khanda limatha kupulumukira pa mpata waukulu, mutu n'kutsalira. Ndinamvetsera ndili m'minibasi, kondakitala akukuwa m'khutu linalo. Chimene chinatsala m'mutu mwanga chinali nambala yokha.

Kalipentala ndinamupeza kuseri kwa msika, bambo wachikulire wa pensulo pakhutu, amene aliyense amangomutchula kuti Adada. Anandionetsa matabwa a paini a ku Chikangawa, akudandaula kuti masiku ano thabwa labwino likusowa. Sananame. Nkhalango ija, mahekitala 53,000, inadzalidwa kuti idzadyetse fakitale ya mapepala imene sinabwere, ndipo moto ndi macheka zaidya mpaka ukamadutsa pa M1 umaona zitsa ndi mapiri ometedwa mpala. Matabwa amene anatsala ndi anthete, osauma bwino, ukawakanikiza amagonja. Mfundo imeneyi muisunge.

Tinagwirizana K170,000, ndinapereka K120,000. Ndikutuluka ndinatembenuka ngati injiniya.

"Adada, mipata ya timitengo ikhale sikisi."

"Sikisi?"

"Sikisi. Osaonjeza, osachotsa. Zachokera kuchipatala zimenezi."

Anandiyang'ana, anachotsa pensulo pakhutu, analemba pa thabwa. "Yewo, bwana."

Amene munakhomesapo kanthu mwaona kale pamene panalakwika. Kalipentala wa kuno saganiza m'masentimita. Dziko lake ndi la thu bai fo ndi wani bai sikisi, zonse mainchesi. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Sikisi wa Adada anali masentimita 15 ndi kanyenyeswa.

Bedi inafika Loweruka m'mawa, anyamata awiri atainyamula pamutu, kamvula ka June kakuwaza. Pakhomo sinalowe. Tinaipendeka, tinaitembenuza, tinaiimika, felemu inakana. Anyamata aja anaitula pabwalo, analandira yawo n'kumapita. Inali yokongola, ndisaname, vanishi akuwala. Kungoti inkaoneka ngati yolerera mwana wa ng'ombe.

Yamikani anaizungulira kawiri, manja m'thumba.

"Adadi, mwana azitulukira apa."

"Iwe ukudziwa chiyani za mabedi? Muyezo umenewu ndi wa kuchipatala."

"Ngakhale mutu wanga ukhoza kulowa." Anawerama kuti ayese.

Ndinamugwira kolala. "Ukuona? Matenda ako ndi amenewa! Chilichonse kuyesa ndi thupi. Munthu wanzeru asanalowe pena pake..."

"...amayamba waona potulukira," anatero Tadala ali pa khonde.

Pamenepo ndikanalowa m'nyumba kukamwa tiyi. Koma mayi a Yami anali atatuluka, apongozi ali pa mkeka wawo, ndipo mnyamatayo anali ndi kankhope kena kake ka munthu amene akudziwa kuti akunena zoona. K120,000 inandiwawa pamtima. Ndinati ndimutseke pakamwa kamodzi kokha.

"Taona. Mutu wa munthu apa sungadutse."

Ndinagwada. Ndinagunditsa chipumi pa mpata. Ndinakankha pang'ono kuti onse aone kuti zakanika. Paini wanthete uja anagonja mwaulemu, vanishi wonyowa ndi mvula anathandizira, ndipo ndinangomva kuti phwii.

Ndinali m'kati.

Kwa kanthawi kunali zii. Ndimakumbukira bwino zimene ndinkaona, chifukwa ndinaziyang'ana kwa nthawi yaitali. Matabwa a pansi pa bedi, kanyerere kakuyenda pa limodzi, dontho la utomoni ngati uchi, ndi pa ngodya, cholembedwa ndi pensulo, nambala 6 ili ndi timizere tiwiri pamwamba. Timizere timeneto ndinaphunzira ku pulayimale tanthauzo lake, ndipo ndinalikumbukira nthawi yomweyo.

Ndinabwerera m'mbuyo. Makutu anakana. Khutu la munthu linapangidwa ngati mbedza, polowa limagona, potuluka limadzuka. Ndinapendeketsa mutu, chibwano chinagunda. Ndinakoka mwamphamvu, bedi yonse inanditsatira.

"Adadi," anatero Yamikani ndi mawu aulemu kwambiri, "potulukira munapaona?"

Mayi a Yami, mimba ya miyezi isanu ndi itatu, anakhala pansi pa ndowa yovundikira atagwira m'chiuno. Sankaseka mokweza. Ankangotulutsa kamawu ngati ketulo, misozi ili mbwembwembwe. Tadala anali atatenga kale foni ya amake. Ine mawondo m'matope, thako kumsewu.

Ku Masasa nkhani siyenda ndi miyendo, imagubuduka. Woyamba anali mayi wa mandasi wa kumtunda kwathu, beseni lili pamutu. Kenaka ana, kenaka anyamata awiri a Sacramento, kenaka bambo wina wopuma ntchito ya uphunzitsi amene ali ndi mwambi wa chilichonse. Ameneyu anayenda mozungulira mpaka kumene kunali nkhope yanga, anawerama, nati, "Mwadzuka bwanji, aneba?" Ndipo ine, chitsiru, ndinayankha kuti ndadzuka bwino kaya iwo. Anagwedeza mutu. "Mutu ukakula sulewa nkhonya," anatero, n'kukakhala pa njerwa.

Malangizo anagwa ngati matalala. Wina amvekere sopo. Wina amvekere atulutse mpweya wonse, ngati mpweyawo unali m'makutu. Mnyamata wina wa Sacramento anati thupi lonse lingolowa n'kutulukira pamwamba, poti mwana wa mlongo wake anamupulumutsa choncho. Anthu anayang'ana mimba yanga ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Mayi wa mandasi anati mafuta. Mayi a Yami, akupukuta misozi, anati botolo latsala theka ndipo mwezi ukadali kutali.

Apa ndi pamene apongozi anadzuka pa mkeka. Ndinamva mapazi awo, kenaka ndinaona m'mphepete mwa chitenje chawo. Analowa m'khitchini, anatuluka ndi botolo.

"Uwauze bambo a Yamikani atsinzine."

Ndinatsinzina. Zala zozizira, za fungo la utsi ndi anyezi, zinagwira khutu langa lakumanja, zinalipinda ngati tsamba la chibwabwa, zinalipaka mafuta kutsogolo ndi kuseri. Kenaka lakumanzere. Ankagwira ntchitoyo mosamala ngati akukonza nkhuku ya alendo. Mphunzitsi uja ali pa njerwa anati, "Wakutsina khutu ndi mnansi," ndipo panalibe amene anamuletsa.

"Uwauze ndikawerenga katatu akoke."

Anyamata a Sacramento anagwira bedi, mayi wa mandasi anatula beseni n'kugwira lamba wanga. Tinakoka. Chimene chinatuluka ndi batani la thalauza. Makutu anali atatupa kale chifukwa cha kulimbana kuja, ndipo tsopano anali otupa komanso onona.

Foni ya Adada inali yozima. Panafunika munthu wokawatenga ndi sowo, ndipo anyamata a Sacramento anati pa matope amenewa, kupita ndi kubwera, ola lathunthu. Khosi langa linali litayamba kuuma, mvula ikulowa m'kolala. Ndinaona nsapato ziwiri zitaima patsogolo panga, yakumanja yodyeka chidendene.

"Kiyi ali m'thumba lakumanzere," ndinatero.

Anapisa dzanja, anamutulutsa. "Ndipite bwanji, adadi? Mwachangu kapena mwanzeru?"

Anthu onse anadikira yankho.

"Thamanga," ndinatero chapansipansi.

"Sindinamve."

"Ndati thamanga!"

Tadala akuti pa foni panadutsa mphindi 19. Ndinamva kukhwekhwereza kwa chidendene, kenaka mawu a munthu wamkulu akubuula, "Chiuta wane, Chiuta wane." Adada anatsika pa kaliyala n'kukhala pansi m'matope momwemo, sowo ali nayo pachifuwa ngati Baibulo. Pensulo inali itagwa panjira. Anapempha madzi. Atamwa anandiyang'ana nthawi yaitali, natulutsa tepi, nayeza mpata woyandikana ndi khutu langa.

"Sikisi," anatero, akuonetsa anthu tepiyo. "Bwana mukati sikisi."

"Ndimanena masentimita, Adada."

"Masentimita ndi a telala."

Anaonjeza kuti asanadule kanthu tikambirane za K50,000 yotsala, chifukwa bedi ikadulidwa makasitomala ena amayamba nkhani. Ndinalonjeza, pamaso pa mboni zoposa makumi awiri, nditagwada kale. Ndiye anaika sowo pa kamtengo, chala chimodzi kuchokera pa khosi langa. Mano a sowo ankagogoda thabwa okha, ka-ka-ka-ka. Manja a bambowo anali akunjenjemerabe ndi ulendo uja.

"Imani! Adada, imani kaye!"

Ndinasankha kukhala m'bedimo mpaka Lolemba.

Yamikani anakanda m'mutu. "Agogo, mundibwereke chitenje chakale." Anachiviika mu ndowa, anachifinya pang'ono, anachikulunga pa kamtengo kogunda khutu langa lakumanja pamodzi ndi kotsatira, anamanga mfundo. Anatenga mpini wa khasu, anaulowetsa pakati pa nsaluyo n'kuyamba kupotokola. Nsalu yonyowa siterereka ndipo mfundo yake simasuka. Paini anayamba kulira, timitengo tiwiri tija tikuyandikana, mpata wanga ukukula. Anauza Tadala kuti asiye foni agwire mpiniwo, iye nachita chimodzimodzi kumanzere ndi mthiko. Sanafulumire, sanaganizire kawiri. Manja ake ankadziwa ntchitoyo.

"Tsopano bwererani pang'onopang'ono. Chibwano pansi."

Ndinatuluka ngati mwana wobadwa, wamafuta, wamatope, anthu akuimba m'manja. Mayi wa mandasi analuluta. Adada anagwira nsalu ija, anayang'ana mfundo, nati m'Chitumbuka, "Mwana uyu wali na mahara," kutanthauza kuti ali ndi nzeru.

Ine ndinaimirira, dzanja lina ku thalauza. Ndinkafuna kumukumbatira mwana wanga. Koma kanthu kena kanandigwira.

"Yamikani, zimenezi unaphunzira kuti?"

"Physics, adadi."

"Physics yake ili pa zenera la kuchipinda kwake," anatero Tadala, amene sanasungepo chinsinsi cha munthu kwaulere, ndipo mwezi umenewo anali asanalipidwe.

Tinapita gulu lonse kuseri kwa nyumba. Zitsulo ziwiri za pa zenera, zimene ndinaikitsa kuopa akuba, zinali zitapindika bwinobwino ngati miyendo ya matewe, mpata wake wokwana mnyamata wowonda. M'kati anakolekapo thaulo. Kuyambira February, usiku uliwonse wa Champions League, ine ndikuliza mkonono ndi kiyi wa chitseko pansi pa pilo, mwana wanga ankakhala ku vidiyo sho.

Ndinakoka mpweya kuti ndiyambe. Ndinali ndi mawu okwana sabata. Koma kumbuyo kwanga apongozi anatsokomola.

"Uwafunse bambo a Yamikani," anatero, akuyang'ana khoma, "ngati akukumbukira mnyamata wina amene ankabwera kudzakufunsira atadandira lole ya fodya. Uja anadumpha lole ikuyenda, n'kugwera m'khola la nkhumba la amalume ako. Uwafunse ngati anamva kuti anathera kuti."

Mayi a Yami anayambanso kulira ngati ketulo. Yamikani anandiyang'ana ndi ulemu umene sanandipatsepo chibadwire. Ndinalowa m'nyumba kukasamba.

Zotsatira zake zinali za ndalama basi. Wowotcherera anadya yake pa zenera. Adada anabwera Lachiwiri, wapansi, atakana kutumiziridwa njinga, ndipo anakhoma kamtengo kena pakati pa mpata uliwonse. Nditayeza ndekha ndi rula ya Tadala panatsala masentimita 6 ndendende. Anandilipiritsa K30,000 yapadera, kuphatikizapo pensulo. Kuti bedi ilowe tinazula felemu. Kanema uja Tadala akulumbira kuti anatumizira azakhali ake okha, koma Lamulungu kwaya yonse inkandiyang'ana m'makutu, ndipo kuntchito dzina langa tsopano ndi a Sikisi.

Mwana anabadwa mu July, wamkazi, dzina lake Mphatso. M'bedi yake anagonamo mphindi zosakwana khumi, analira mpaka agalu a kwa aneba anayankha, ndipo agogo ake anamunyamula osanena kanthu. Pano mumakhala zitenje zochapa ndi matewera. Njinga ndinaibweza kwa mwini wake nditaigulira mabuleki atsopano, ndipo mabulekiwo mpaka lero akadali atsopano.

Apongozi tinawaperekeza ku depoti kumapeto kwa August. Katundu atakwera, ndinanjuta chapatali monga mwa nthawi zonse, ndinawathokoza, ndinawafunira ulendo wabwino. Iwo anayang'ana tayala la basi, nakonza mpango wawo, nati kwa mwana wawo:

"Uziwapaka Vaseline madzulo. Lakumanzerelo silinabwerere m'malo mwake."